Kodi tingakhulupirire zotsatira za khomo la chiberekero zoyezedwa kutsidya kwa nyanja?

Funso: Ndine mayi wa zaka 41 ndipo ndimapita kukayezetsa khomo la chiberekero nthawi ikakwana. Posachedwapa ndinamva kuti mayiko ena sayeza okha zimene namwino watenga, koma amazikweza ndege kupita nazo ku malabotale akunja, ndiponso kuti ku Ireland zimenezi zinaphetsa amayi. Kodi zotsatira zoterezi n'zodalirika, ndipo boma limene limachita zimenezi silikulakwa?

Yankho: Mayi, funso lanu ndi lolemera ndipo ndiliyankha mosapsatira mawu. Mtunda pawokha sulakwitsa zotsatira, pakuti katswiri wosamala amene ali kutsidya kwa nyanja angathe kuona bwinobwino zimene mnzake wapafupi, wotopa kapena wopanikizika ndi ntchito, angaziphonye. Komabe chodetsa nkhawa chilipo, chifukwa boma likapereka ntchito imeneyi kwa akunja limayamba kuiwala kuti udindo latsala nawo, ndipo pang'onopang'ono limaleka kudziwa amene akuyeza amayi ake, kumene akuyezera ndiponso mmene akuyezera. Nkhani ya ku Ireland imaonetsa mbali ziwiri zonsezi, koma imamveka bwino munthu akayamba wadziwa chimene chimakwera ndegecho.

Namwino akatsegula njira ndi kachipangizo kake, amapukuta khomo la chiberekero ndi kaburashi kofewa, kenaka amakatsukuluza m'kabotolo ka madzi osungira maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, n'kumatapo dzina ndi nambala ya mayiyo. Kabotoloko kakafika ku labotale, maselo aja amawayala pa kagalasi kopyapyala n'kuwapaka mankhwala osintha mtundu, motsatira njira imene anayambitsa dokotala wina dzina lake George Papanicolaou. Ndiyeno munthu amakhala pansi, diso lili pa maikulosikopu, chipangizo chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, n'kumayendetsa kagalasiko mzere ndi mzere. Pa kagalasi kamodzi pamakhala maselo zikwi makumi angapo, ena atapindika, ena atasanjikizana, ena ataphimbika ndi magazi kapena mafinya, ndipo pakati pa khamu lonselo iye akusaka ochepa chabe amene pakati pawo pakula mopitirira muyezo ndi kuda kwambiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi imafuna kudekha kotero kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamene timagalasi tochuluka zedi tilibe vuto lililonse ndipo diso limazolowera kuona zabwino zokhazokha.

N'chifukwa chake kuyeza kwa mtundu umenewu kumaphonya, ngakhale m'labotale yapamwamba bwanji. Akuluakulu a zaumoyo ku Ireland amafotokoza kuti mwa amayi 1,000 oyezedwa, pafupifupi 20 amakhala ndi maselo amene ayamba kusintha, ndipo kuyang'ana pa kagalasi kumapeza 15 mwa iwo. Asanu otsalawo amauzidwa kuti ali bwino. Njirayi imapulumutsabe miyoyo yambiri chifukwa khansa ya khomo la chiberekero imayenda pang'onopang'ono: kwa mayi amene chitetezo chake cha m'thupi chili bwino pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osinthawo asanduke khansa, choncho zimene zaphonyedwa ulendo uno kawirikawiri zimagwidwa ulendo wotsatira. Kuyezetsa kumeneku ndi kuunika anthu amene sakudwala, ndipo mphamvu yake yagona pa kubwereza.

Dziko la Ireland linakhazikitsa ndondomeko yake yaulere yotchedwa CervicalCheck mu 2008. Nthawi imeneyo amayi ena ankadikira zotsatira mpaka miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa malabotale a m'dzikomo sankakwanitsa ntchito, ndipo boma linaona kuti njira yachidule ndiyo kupereka ntchitoyo ku kampani ya ku America yotchedwa Quest Diagnostics. Pambuyo pake panabwera Clinical Pathology Laboratories ya ku Texas, ku America komweko, ndi MedLab Pathology ya ku Dublin, likulu la Ireland, pamene gawo lochepa linkayezedwa pachipatala cha Coombe mumzinda womwewo wa Dublin. Sikuti panalibe ochenjeza. Dr David Gibbons, yemwe anali m'komiti yoyang'anira za ubwino wa ntchitoyi, anatula pansi udindo wake atatsutsa ganizolo. Mfundo ya otsutsawo inali yakuti ku America amayi ambiri nthawi imeneyo ankayezetsa chaka ndi chaka, ndipo malamulo a kumeneko amalola munthu mmodzi kuyang'ana timagalasi mpaka 100 pa tsiku, pamene ku Ireland mayi ankabwereranso patapita zaka zitatu kapena zisanu. Ankaopa kuti kayezedwe kamene kanazolowera kudalira ulendo wa chaka chamawa kangasiye mpata waukulu m'dziko limene ulendo wotsatira uli kutali. Kaya mantha awo anali olondola pa zonse kapena ayi, mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kwa aliyense wofuna kugula ntchitoyi kunja: labotale iliyonse inapangidwa kuti igwirizane ndi ndondomeko ya kwawo, ndipo wogulayo ayenera kufufuza ngati ikugwirizananso ndi yake.

Zinthu zinaululika mu April 2018 chifukwa cha Vicky Phelan, mayi wa ana awiri. Iye anayezetsa mu 2011 n'kuuzidwa kuti palibe vuto, koma mu 2014 anapezeka ndi khansa. Chaka chomwecho a ndondomekoyo anaunikanso kagalasi kake kakale n'kupeza kuti zotsatira zija zinali zolakwika, koma iye sanauzidwe mpaka 2017. Anasumira Clinical Pathology Laboratories, ndipo mlanduwo unatha pogwirizana kuti alandire mayuro 2.5 miliyoni, kampaniyo osavomera kulakwa. Chimene chinasintha mbiri n'chakuti mayiyu anakana kusaina pangano loti asadzaulule nkhaniyo. Apa m'pamene zinadziwika kuti amayi 221 amene anali ndi khansa anali ndi timagalasi takale timene, titaunikidwanso, tinapereka zotsatira zosiyana ndi zoyamba, ndipo ambiri mwa iwo sanauzidwe kanthu. Ena anali atamwalira kale mabanja awo osadziwa. Vicky Phelan anamwalira mu November 2022.

Pano pafunika kulankhula molondola, chifukwa nkhaniyi imasokonekera ikamadutsa m'makutu ambiri. Amayiwa sanabisiridwe kuti ali ndi khansa. Kuunikanso kuja kunkachitika khansayo itapezeka kale ndipo iwo ali pa chithandizo. Chimene anabisiridwa n'chakuti mwina ikanatha kugwidwa msanga. Akuluakulu a ndondomekoyo ndi madokotala a m'zipatala anakhala akukankhirana udindo wouza odwalawo kwa miyezi yambiri, makalata ali m'mafayilo. Cholakwa chimenechi sichinachitikire ku Texas, chinachitikira ku Ireland komweko, ndipo chikanatha kuchitika ngakhale timagalasi tonse tikanayezedwa pakhomo. Kwa ine ichi ndicho chopweteka koposa, pakuti mayi amene wapereka thupi lake kuti liyezedwe ali ndi ufulu womva zonse zokhudza iye, zokoma ndi zowawa zomwe.

Boma linasankha Dr Gabriel Scally kuti afufuze, ndipo lipoti lake linatuluka mu September 2018 lili ndi malangizo 50. Mbali imene ikukhudza funso lanu mwachindunji ndi iyi. A CervicalCheck ankadziwa malabotale ochepa chabe, koma pofika mu 2019 Scally anali atapeza kuti timagalasi ta amayi a ku Ireland tinadutsa m'malabotale 16. Kampani yopatsidwa ntchito ikachulukidwa, inkatumiza timagalasi kwa anzake, moti tina tinakafika m'mizinda ina ya ku America, ku Las Vegas, ku Orlando mpaka ku Honolulu, eni ndondomeko osadziwa. Scally sanapeze umboni wakuti malabotalewo ankagwira ntchito yosalongosoka, ndipo chilungamo chimafuna kuti zimenezi zinenedwe. Koma taganizirani tanthauzo lake: ngati ntchitoyo inali yabwino, unali mwayi chabe, chifukwa amene anayenera kuyang'anira sankadziwa n'komwe khomo loti akagogode. Iye anaonanso kuti posankha makampani, mtengo wotsika unkapatsidwa kulemera kochuluka kuposa ubwino wa ntchito. Boma limene lapereka ntchito kunja n'kusiya kuyendera malabotale pafupipafupi, kufananitsa ziwerengero zawo ndi kuwerenga mapangano mwatcheru, limakhala likulandira mapepala a zotsatira amene silingathe kuwaikira umboni.

Kodi malabotale akunjawo ankaphonya kuposa a kwina? Bungwe la madokotala a amayi la ku United Kingdom, Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, linaunikanso timagalasi ta amayi 1,038 amene anadwala khansayi, ndipo mu December 2019 linanena kuti pa amayi 308 linaona zosiyana ndi zoyamba, ndipo pa amayi 159 panali mpata umene unatayika wopewera khansayo kapena woipeza msanga. Linanenanso kuti ziwerengerozi zinali zofanana ndi zimene zimapezeka ku England, kumene timagalasi timayezedwa m'dziko momwemo. Chifukwa china cha kusiyanaku n'chodziwika kwa aliyense wa m'labotale: munthu amene akudziwa kale kuti mwini kagalasi anadwala khansa amakayang'ana kwa nthawi yaitali mpaka atapeza kanthu, pamene woyamba uja anali ndi mphindi zochepa ndipo sankadziwa za m'tsogolo. Izi sizikuchotsa zolakwa zenizeni. Pa mlandu wa Emma Mhic Mhathúna, mayi wa ana asanu amene anamwalira mu October 2018, Quest Diagnostics inavomera kuti inawerenga molakwika timagalasi take. Pa mlandu wa Ruth Morrissey, mayi winanso amene anadwala khansayi, khoti linapeza kusasamala pa timagalasi tiwiri, ka 2009 kamene kanayezedwa ku America ndi ka 2012 kamene kanayezedwa ku Dublin. Kusasamala kunapezeka kutali ndi pafupi pomwe.

Mlandu wa Ruth Morrissey unabala mfundo imene ndikanakonda kuti nduna iliyonse ya zaumoyo iidziwe. Mu March 2020 khoti lalikulu kwambiri la Ireland linagamula kuti bungwe la boma loyendetsa zaumoyo, HSE, lili ndi udindo kwa amayiwo umene silingausamutsire kwa wina. Ndiye kuti boma limene laitana mayi kuti adzayezetse silingadzanene kuti cholakwa ndi cha kampani imene linailemba ntchito. Miyezi ingapo chigamulochi chisanaperekedwe, mu October 2019, mtsogoleri wa boma Leo Varadkar anali atapepesa kale m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 2023 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokakamiza azaumoyo kuulula kwa wodwala zolakwika zina zikuluzikulu.

Palinso mavuto ena amene amabwera ndi mtunda weniweniwo, ndipo awa sitingawakane. Madzi a m'kabotolo amasunga maselo kwa nthawi yoikika, ndipo kuchiyambi kwa 2019 amayi zikwi zingapo ku Ireland anaitanidwa kuti adzayezetsenso chifukwa zoyeza zawo zinapimidwa kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayi, nthawi yovomerezeka itadutsa. Chaka chomwecho zinadziwika kuti makompyuta a labotale ya Quest ku Chantilly, m'chigawo cha Virginia, sankalumikizana bwino ndi a ku Ireland, moti zotsatira za amayi oposa 4,000 sizinafike moyenera kwa iwo kapena kwa madokotala awo. Zotsatira zolondola zimene zakhala m'kompyuta ya kutali osafika kwa mwini wake sizinathandize aliyense. Chinanso n'chakuti woyang'ana kagalasi amakula m'luso akamakumana ndi dokotala amene anaunika khomo la chiberekero ndi makina okulitsa, pamodzi ndi katswiri amene anayeza kachidutswa ka mnofu kodulidwa pamenepo, n'kufananitsa zimene aliyense anaona. Misonkhano yotere imavuta pamene wina ali m'bandakucha wina ali masana, ndiponso pamene mayiko awiriwo amatchula magulu a maselo ndi mayina osiyana.

Chotayika chachikulu, chimene sichioneka chaka choyamba, ndi luso la m'dziko. Ntchito ikapita kunja, akatswiri amene analipo amasintha ntchito kapena amasamuka, ndipo achinyamata saphunziranso ntchito imene ilibe malo. Nkhani ya Vicky Phelan itamveka, nduna ya zaumoyo Simon Harris inalola kuti mayi aliyense wodera nkhawa ayezetsenso kwaulere. Amayi anakhamukira kuzipatala, timagalasi todikira tinaunjikana mpaka pafupifupi 80,000, ndipo zotsatira zinayamba kutenga miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Anthu ambiri ankafuula kuti ntchito ibwerere kwawo, koma kwawoko kunalibe anthu okwanira oigwira. Labotale ya dziko lonse la Ireland inatsegulidwa pa Coombe kumapeto kwa 2022, ndipo ngakhale pamenepo gawo lalikulu la ntchito linapitirirabe kupita ku America, chifukwa nyumba imamangika msanga kusiyana ndi kuphunzitsa diso la munthu. Dziko likafika pamenepa limakhala lopanda mphamvu pokambirana mtengo, ndipo kampani ikangoti yasiya, ndondomeko yonse imagwedezeka.

Masiku ano nkhaniyi yasintha nkhope chifukwa cha kuyeza kachilombo ka HPV. Pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilomboka, monga anaonetsera wasayansi Harald zur Hausen amene analandira mphoto ya Nobel mu 2008, ndipo mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya khansayi. Kufufuza kachilomboka kumachitika ndi makina, sikudalira diso lotopa, ndipo mwa amayi 20 aja amene maselo awo ayamba kusintha kumapeza 18. Ireland inasamukira ku njira imeneyi mu March 2020, ndipo mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse, World Health Organization, linalangiza kuti ikhale njira yoyamba kulikonse, kuyambira pa zaka 30 ndi kubwereza pakapita zaka 5 mpaka 10. Kwa amayi amene ali ndi HIV, omwe chiopsezo chawo n'chokwera kasanu ndi kamodzi, malangizowo ndi oyamba pa zaka 25 ndi kubwereza pakapita zaka 3 mpaka 5. Makina a mtundu umodzi amapereka yankho lofanana kulikonse kumene ali, choncho nkhawa ya kusiyana kwa maso imachepa. Koma pa chifukwa chomwecho, kufunika kotumiza kutali kumachepanso. Alipo makina ang'onoang'ono, monga GeneXpert amene zipatala zambiri zimayezera chifuwa chachikulu, omwe amatha kupereka zotsatira za HPV pa ola limodzi.

Izi n'zofunika kwambiri kwa mayiko osauka, kumene kuli mtolo waukulu wa matendawa. Mu 2022 amayi pafupifupi 660,000 anapezeka ndi khansayi padziko lonse ndipo pafupifupi 350,000 anamwalira, 94 pa 100 iliyonse ya imfazo zili m'mayiko osauka ndi apakatikati. Kumeneko chimene chimapha amayi ambiri ndi kusayezetsa n'komwe, kapena kuyezetsa koma osabwereranso kudzamva zotsatira. Mayi amene wayenda ulendo wautali, wasiya ana ndi ntchito, akauzidwa kuti abwerenso pakatha miyezi iwiri, nthawi zambiri saonekanso. Kwa iye, njira yoyeza ndi kuchiza tsiku lomwelo, kaya poyeza HPV kapena popaka viniga pakhomo la chiberekero kuti malo odwala ayere, kenaka n'kuwotcha kapena kuumitsa malowo ndi kachipangizo, imamuteteza kuposa labotale yotchuka imene yankho lake lidzamupeza atasowa. Ndalama zolipirira ndege ndi kampani yakunja chaka ndi chaka ndikanakonda zitagula makina, kuphunzitsa anthu ndi kufikitsa katemera wa HPV kwa atsikana. Chimene ndingavomereze kuti chipite kunja mosavuta ndi tizidutswa ta mnofu tovuta kutanthauzira, pamene dziko lilibe akatswiri okwanira, ndipo ngakhale apa zithunzi za timagalasi zingathe kutumizidwa pa intaneti kagalasiko katatsala.

Choncho pa funso lakuti boma likulakwa kapena ayi, ndinganene kuti kutumiza kunja n'kovomerezeka ngati njira yongodutsira, pamene m'dziko mulibe oyeza okwanira ndipo kusatumiza kungatanthauze kuti amayi asayezedwe. Koma pangano lake liyenera kutchula dzina ndi malo a labotale iliyonse imene idzagwire kagalasi, n'kuletsa kupatsira ntchito kwa wina popanda chilolezo cholembedwa. Labotaleyo ikhale yovomerezeka pa muyezo wodziwika, monga ISO 15189, ndipo akatswiri a boma akhale ndi ufulu wofika nthawi iliyonse osachenjeza, kuona kuchuluka kwa timagalasi timene munthu aliyense akuyang'ana pa tsiku ndi kufananitsa kuchuluka kwa matenda amene labotale iliyonse ikupeza. Panganolo linenenso masiku amene zotsatira ziyenera kufika, mmene chinsinsi cha mayi chidzasungidwire m'dziko la malamulo ena, ndiponso kuti kagalasi kadzabwezedwa msanga kakafunidwa. Pamwamba pa zonsezi, gawo lina la ntchito litsale m'dziko kuti luso lisafe, ndipo lilembedwe poyera dzina la udindo wa munthu amene adzauze mayi ngati zapezeka kuti panali cholakwika.

Kwa inuyo, mayi, muli ndi ufulu wofunsa namwino kumene zoyeza zanu zikupita, ngati akuyeza HPV kapena akuyang'ana maselo, ndi tsiku limene muyembekezere yankho. Tsikulo likadutsa musaganize kuti kukhala chete kwa achipatala kukutanthauza kuti zonse zili bwino, pitani mukafunse ndipo mupemphe kuti akupatseni zotsatira zolembedwa. Musasiye kuyezetsa chifukwa cha zimene mwamvazi, ndipo musadumphe ulendo wotsatira ngakhale wapitawo unali wabwino. Mukaona magazi mutatha kukhala malo amodzi ndi bambo, magazi pakati pa nthawi zanu za kumwezi kapena mutasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosazolowereka, kapena ululu wosatha m'chinena, musadikire tsiku loyezetsa ndipo musadalire zotsatira zakale. Pitani kwa dokotala sabata yomweyo, mumuuze zimene mukuona, ndipo mupemphe kuti akuunikeni khomo la chiberekero ndi maso.